Ndabwera ndi Zithunzi, Mpunga Ayi

Lolemba

Tchuthi chatha, ndabwerera ku Capital Hill. Masiku khumi kumpoto, Nyika mpaka Karonga, zithunzi 214 m'kamera! Pulani yake nayi: Loweruka 3 koloko masana ndionetsa zonse kunyumba kwanga ku Area 4.

Zofunika:
- pulojekita (bwana Kachingwe ali nayo)
- nsalu yoyera yapabedi, yopanda chigamba
- mipando eyiti, yobwereka kutchalitchi
- tiyi ndi mandasi
- anthu

Chomalizacho ndiye mutu wa nkhani. Chimwalirireni mayi a Tadala, zaka ziwiri tsopano, m'nyumba muno simunalowe mlendo. Wowerenga mita ya madzi amathera pampanda. Ndatopa nako kuyankha wailesi.

Ndalengeza muofesi. Mai Banda, amene timayang'anizana desiki, akweza mutu: "Mwafika mpaka Karonga? Ndiye mpunga wathu uli kuti?" Ndaseka. Iwo sanaseke.

Lachiwiri

Mbiri yandipitirira, ndaipeza kale m'basi ya ogwira ntchito. Ofunsa za mpunga lero: seveni. Ofunsa za zithunzi: palibe.

Ndikudziwa, munthu sachoka ku Karonga chimanjamanja. Koma m'chikwama munali kamera, miyendo yake itatu ija, ndi majuzi awiri a kuzizira kwa ku Nyika. Mpunga ukanakhala pati? Komanso sikuti ndinaunyalanyaza. Ndinaujambula! Zithunzi sikisi, uli m'malichero padepoti, kuwala kwa m'mawa kukugwera bwinobwino. Ndawaonetsa Mai Banda. "Zokongola. Tiphike chithunzichi?"

A Phiri oyendetsa galimoto ayang'ana zithunzi zanga za mbidzi kwa kanthawi. "Nanga inuyo muli pati apa?" Ndati ine ndi wojambula, ndimakhala kuseri kwa kamera. "Ndiye tidziwa bwanji kuti munapitadi?"

Funso lopusa. Landisowetsa mtendere tsiku lonse.

Lachitatu

Ndachita chinthu chochititsa manyazi, ndipo ndilemba kuti ndisadzakane.

Nditaweruka ndatsikira ku Old Town, ndalowa m'sitolo ya mmwenye wina wa ndevu zoyera, ndagula mpunga makilo teni. Wandifunsa, "Pali ukwati, bambo?" Ndati ayi, alendo chabe. Mawu oti alendo anditsekemera mkamwa, ndawabwereza kawiri.

Kunyumba ndang'amba thumba la fakitale, ndagawa m'majumbo eyiti, ndamanga mfundo zachimudzi. Thumbalo ndawotcha kuseri ngati wakuba mbuzi akubisa chikopa.

Tadala wayimba kuchokera ku Blantyre. Loweruka sakwanitsa. "Adadi, ingotumizani pafoni." Ndatumiza zisanu, zosankha ndithu. Yankho: kachala kamodzi koloza kumwamba. Phiri la ku Nyika ndinalikwera maola atatu kuti ndizijambule, mawondo akulira, malipiro ake kachala!

Lachinayi

Ndagawa majumbo. Kwa mphindi khumi ndine munthu. "Koma abambo inu, mumangotiyesa eti!" Anthu asanu alonjeza kubwera Loweruka.

Kenako alowa Mai Gondwe a kumaakaunti. Ndinaiwala, iii ndinaiwaliratu, kuti mayiwa anabadwira ku Karonga komweko. Amasula jumbo, anunkhiza, atafuna kanjere kamodzi. "Uwu si wakwathu. Wakwathu umanunkhira jumbo lisanamasulidwe. Uwu ndi wa m'tauni muno."

 

Pofika nkhomaliro nkhani yakula: akuti tchuthi chonse ndinali m'nyumba nditatseka makatani, zithunzi ndinakopera pa intaneti. Ine? Amene nsapato zanga zikadali ndi fumbi la ku Rumphi?

Koma mpungawo atenga. Sanasiye ndi jumbo limodzi lomwe.

Lachisanu

Zifukwa zalowa m'mamawa:
- Mai Banda: chinkhoswe cha mwana wa mlamu wawo
- a Phiri: mpira
- Mai Gondwe sanapereke chifukwa, angondiyang'ana
- awiri: maliro, koma sakugwirizana kuti wamwalira ndani
- mmodzi: "Tiona"

"Tiona" wa mu Lilongwe muno ndimamudziwa.

Madzulo ndapita ku Area 43 kwa bwana Kachingwe kukatenga pulojekita. Minibasi yanditsitsa kumsewu, kotsalako n'kwa miyendo. Antchito onse akutuluka, ine ndekha ndikulowa, aliyense akundiyang'ana ngati ndasochera. Mipanda yaitali, palibe woti n'kumupatsa moni. Pageti mlonda wayankhulira pakabowo: "Abwana apita kumudzi, sanasiye uthenga." Galu wayankhanso zake.

Chabwino. Tionera pa TV yanga yaing'ono. Nsalu yabwerera pabedi.

Loweruka

Mipando eyiti, mizere iwiri. Mandasi makumi atatu. Ndasesa mpaka kuseri kwa kabati, ndavala malaya a kutchalitchi.

3:00. Palibe. Anthu a kuno sasunga nthawi, osadandaula.

3:35. Kugogoda pageti! Ndathamanga, ndapunthwa pakhonde. Ndi wogulitsa makala panjinga. Ndamuitanira tiyi ndi zithunzi. "Ndili pa bizinesi, bwana." Ndagula thumba lomwe sindikulifuna.

4:20. Tiyi wazizira. Ndayamba basi. Ndaima pambali pa TV, ndalandira onse, ndafotokoza bwino lomwe: apa ndi pomwe basi inafera, uwu ndi mlatho, awa ndi maluwa a ku Nyika. Mipando ikumvetsera mwaulemu, palibe wofunsa za mpunga.

Pa chithunzi cha 61 yayamba mitambo. Mitambo, mitambo, mitambo ina. Ndadzigwira ndikuyasamula, ine mwini wake! Ndalumpha makumi awiri.

Mayi a Tadala akanakhala kutsogolo, mandasi m'manja, n'kunena, "Abambo, ulendo wonse uja kukajambula mitambo, ngati kuno kulibe?" Ndipo akanaonera mpaka chomaliza. Ndawasowa. Ndakhala pansi, ndalira pang'ono, kenako ndamaliza zonse 214, chifukwa chinthu ukayamba umamaliza.

Lamulungu

Kadzutsa: mandasi. Nkhomaliro ikhalanso mandasi.

Ndabweza mipando mapemphero asanayambe, iwiriiwiri, maulendo anayi. Paulendo womaliza ndakumana ndi a Chisale, mkulu wa mpingo wosunga makiyi. Akuwerenga mipando yawo, akufunsa kuti zinayenda bwanji.

Ndati bwino kwambiri, palibe ndi mmodzi yemwe amene anachoka zisanathe. Pakhomo la tchalitchi sindinganame.

Agwedeza mutu, andigwira paphewa. "Ndinu odala, abambo. Masiku ano kuti anthu eyiti akuyendere pakhomo si masewera. Muwasunge anthu amenewo."

Ndati ndiwasunga.