Singano ya pikapu ya a Kamtedza

Mwambi uja wa wamisala ndi nkhondo, ana inu ophunzira kuyendetsa galimoto, unayamba motere. Zimitsani kaye injini, galimoto ipume, zobwerera m'mbuyo tiphunzira ikazizira. Ena adzakuuzani kuti ndi mwambi wamakedzana, wa nthawi ya mikondo ndi zishango. Amenewo sanali ku Mponela chaka chimene ndikunenachi. Ine ndinaliko.

Kunali bambo wina wogula ndi kugulitsa soya, dzina lake a Kamtedza. Anali ndi pikapu yoyera, yakale ndithu. Pikapuyo inkayenda bwino, koma geji yake ya mafuta, kasingano kaja koloza pa F thanki ikadzaza ndi pa E ikauma, inali ndi mutu wakewake. Pokwera chitunda singano inkaloza pa F. Potsetsereka inkagwera pa E. Mukaliza hutala inkanjenjemera. Mponela yense ankaitchula kuti Wamisala, ndipo a Kamtedza sankadandaula nalo dzinalo. Ankati geji yeniyeni ili m'mutu mwawo. Akathira fulu thanki Lachinayi, ankadziwa kuti ayenda mpaka Lachinayi linalo.

Chaka chimenecho kunali mpikisano wa mpira wa m'midzi, ndipo ndime yomaliza inagwera matimu awiri osamwerana madzi: Akamuna Sagona a kwa Msampha ndi Mphepo Zinayi a kwa Kalindiza. Oyimbira mpira amene mbali zonse ziwiri zinavomereza anali mmodzi yekha, a Mdzinga, mphunzitsi wopuma pantchito, chifukwa analibe m'bale kapena mlamu m'midzi yonse iwiri. Bwalo linali kutali ndi tauni, choncho akomiti anapempha a Kamtedza kuti Loweruka adzanyamule zinthu zitatu: a Mdzinga, mpira watsopano, ndi mbuzi ya mphoto. Masewero anali oyamba 3 koloko masana.

Lachinayi a Kamtedza anathira fulu thanki monga mwa nthawi zonse. Pobwerera kunyumba, mumsewu wafumbi, mwala unagunda kunsi kwa galimoto, gu! Iwo sanaime. Anati msewu ndi wa miyala, ndiye umayembekezera kugundidwa ndi chiyani.

Lachisanu m'mawa ataliza galimoto, singano inakwera pang'onopang'ono n'kuima pakati. Inangoti zii pomwepo. Analiza hutala, osanjenjemera. Anakwera nayo chitunda cha kuseri kwa msika, osasuntha. Anatsetsereka, osasunthabe.

"Wamisala wadwala," anatero a Kamtedza atabwerera pakhomo.

Anayamba ndi mankhwala odziwika, khofi. Anamenya dashibodi katatu ndi chikhatho. Singano inangowayang'ana. Kenaka anatsegula kabokosi ka mafyuzi, nazula fyuzi ya geji n'kuikapo ya wailesi. Wailesi inafa, singano ili pomwepo.

Akazi awo, a Nachisale, ankasesa pabwalo. Anaima n'kununkhiza.

"Bambo a Chifuniro, pano pakununkha petulo."

"Galimoto ya petulo mumafuna izinunkha chiyani? Mandasi?"

"Sindikukana. Koma nkhuku zasiya kubisala pansi pake. Ndipo pamene inagona pali ponyowa."

"Ndi mame amenewo."

"Mame mwezi wa Okutobala?"

"Mayi, inu sesani. Za galimoto zisiyireni eni ake."

A Nachisale anapitiriza kusesa. Ponyowapo anapazungulira.

Masana a Kamtedza anapita kwa makaniko wawo, Che Wadi, munthu wosalankhulalankhula amene ankakonza magalimoto pansi pa mtengo wa mango. Pofika kumeneko singano inali itatsika kufika pa kota.

"Che Wadi, geji yanga yawonongeka."

"Inayamba yakhalapo bwino?"

"Ayi, koma panopa yawonongeka mwa mtundu wina. Yasiya kuvina."

Che Wadi anayesa mafyuzi ndi kababu, nabwezera fyuzi ya wailesi m'malo mwake. Anatsata waya kuchokera ku dashibodi mpaka kuthanki. Kenaka anamasula kachivindikiro ka pamwamba pa thanki n'kutulutsa kachitsulo kopindika kokhala ndi kampira kunsonga.

"Akulu, onani. Kampira aka kamayandama pamwamba pa petulo. Petulo akatsika, nako kamatsika, singano n'kutsatira. Khalani kutsogoloko muziyang'ana."

Anakweza kampirako ndi dzanja.

"Yafika pa F!" anakuwa a Kamtedza.

Anakatsitsa.

"Yagwera pa E!"

"Ndiye kuti geji yanu yachira," anatero Che Wadi. "Zaka zonsezi waya wake umodzi unali wogwedera, n'chifukwa chake inkavina. China chake chagunda kunsiku n'kuukanikiza wayawo pachitsulo. Panopa ikunena zoona. Petulo watsala kota."

"Ndinathira fulu dzulo. Ndinaona ndi maso angawa petulo akusefukira pakamwa pa thanki."

"Sindikutsutsa. Pochoka ku fakitale thanki imeneyi inali ndi bowo limodzi. Sindikudziwa kuti lero ili ndi angati. Ndiloleni ndilowe kunsi ndione."

A Kamtedza anaseka, kuseka kwa munthu amene watulukira chinyengo.

"Amakaniko inu! Munthu wabwera ndi dzino, inu mukufuna kumuvula nsapato. Ndabwera ndi geji, osati thanki. Zaka zisanu ndi ziwiri singano imeneyi yakhala ikundinamiza. Lero ndiikhulupirire chifukwa yasiya kuvina? Wabodza akakhala chete sikuti wayamba kunena zoona."

Che Wadi anabwezera kampira muthanki, namanga kachivindikiro, napukuta m'manja.

"Galimoto ndi yanu, akulu."

Loweruka m'mawa singano inali itagona pa E. A Kamtedza anaiyang'ana nthawi yaitali. Kenaka anatenga sukuludalaiva, nachotsa kagalasi ka dashibodi, nakankha singano ndi chala mpaka pa F. Atachotsa chala inabwerera. Anaikankhanso, ulendo uno n'kuitchinga ndi kamtengo ka machesi, kamtengoko n'kukamata ndi chingamu. Anabwezera kagalasi, naima chapatali kuyamikira ntchito ya manja awo.

A Nachisale anasuzumira pawindo la galimoto.

"Ndiye petulo wabwerera?"

"Sanachoke."

Cha m'ma 1 koloko a Kamtedza ananyamula a Mdzinga, atavala kale yunifolomu yawo yakuda, wezulo ili m'khosi, makadi ofiira ndi achikasu ali m'thumba la kumbuyo. Mpira anaufungata pamiyendo. Mbuzi inamangidwa kumbuyo kwa pikapu. Podutsa pomwetsera mafuta potulukira m'tauni, a Mdzinga anafunsa mwaulemu.

"A Kamtedza, sitithirako pang'ono? Ulendowu ndi wautali."

"Aphunzitsi, mumadziwa kuwerenga. Werengani apa."

A Mdzinga anavala magalasi. "Pa F. Nanga kamtengo ka machesika?"

"N'kothandiza singano kukumbukira."

A Mdzinga anavula magalasi aja. Anali munthu wolemekeza ntchito za anzake.

Anayenda bwino mpaka padambo lina lalikulu, lopanda nyumba ngakhale imodzi, mtunda wa makilomita asanu kuti afike kubwalo. Pamenepo pikapu inatsokomola kawiri, inanjenjemera, n'kuima pakati pa msewu.

"Batire," anatero a Kamtedza.

Anatsegula boneti, namenya mitu ya batire ndi mwala. Injini inkazungulira bwinobwino koma osalira.

"Mapulagi."

Anamasula mapulagi onse anayi, nawapukuta ndi malaya, nawabwezera. Palibe chinasintha.

"Ikufuna kukankha. Aphunzitsi, tathandizani."

A Mdzinga anatsika n'kuyamba kukankha, mutu uli pafupi ndi mbuzi. Anakankha kupita kutsogolo. Anazungulira n'kukankha kubwerera m'mbuyo. Atatopa anatsamira galimoto akupuma wefuwefu, mbuzi ikuwanunkhiza kumsana. Anayesa foni, koma m'dambomo munalibe netiweki. Nthawi inali itakwana 3 koloko.

"A Kamtedza, pepani, ine si wa zamagalimoto. Koma bwanji tipise kamtengo muthankimo tione?"

Anathyola bango lalitali, nalilowetsa mpaka linagunda pansi pa thanki. Linatuluka louma.

A Kamtedza analiyang'ana mbali zonse. "Bango limeneli ndi louma kale. Thyolani laliwisi."

Laliwisi nalonso linatuluka lopanda ngakhale fungo lokwanira kuthamangitsa udzudzu. Apo m'pamene a Kamtedza anayala thumba pansi n'kulowa chagada kunsi kwa galimoto. Pakona ya thanki panali kabowo kangati diso la nkhuku. Akuyang'ana choncho, dontho lomaliza linatuluka n'kuwagwera pamphumi.

"Mwaona chiyani?" anafunsa a Mdzinga.

"Thanki yawonongeka," anayankha a Kamtedza ali kunsi komweko. "Akanandiuza."

Tsono kubwalo kuja anthu anali atadzaza kuyambira masana. Ine ndinali goloboyi wa Mphepo Zinayi, ndiye zimene ndikunenazi sindinachite kumva. Itakwana 3 koloko tinadikira. Itakwana 4 koloko a kwa Msampha anayamba kunena kuti ife tabisa oyimbira chifukwa cha mantha. Ife tinati iwo aba mbuzi. Akomiti, pofuna kuziziritsa zinthu, anatulutsa mpira wakale wosokedwasokedwa, n'kusankha bambo wina wogulitsa nzimbe kuti ayimbire ndi mluzu wapakamwa. Patapita mphindi zisanu bamboyo anapereka penate kwa Akamuna Sagona. Pomwepo wina anakumbukira kuti mkazi wake ndi wa kwa Msampha.

Penateyo sinamenyedwe. Nzimbe zonse za bamboyo zinatha nthawi yomweyo popanda wogula, ndipo palibe imene inadyedwa. Mitengo ya magolo inazulidwa. Amayi ogulitsa zitumbuwa anathawa mabeseni ali kumutu. Mlembi wa komiti anakwera mumtengo wa bulugamu, n'kumalengeza ali m'mwambamo kuti masewero aimitsidwa kaye. Dzino langa likusowa apali linatsala pagolo la kumpoto.

Cha m'ma 5 koloko kunatulukira ngolo ya ng'ombe. M'ngolomo munali a Mdzinga atafungata mpira, a Kamtedza atagwira chingwe cha mbuzi, ndi mwini ngolo amene anawatola padambo. A Mdzinga anaimirira n'kuliza wezulo mwamphamvu. Anthu anaima, nzimbe zili m'mwamba. Aphunzitsi anapisa dzanja m'thumba la kumbuyo kuti atulutse khadi lofiira, koma anatulutsa kachidutswa konyowa. Makadi onse awiri mbuzi inali itadya nthawi yokankha ija.

"Munali kuti?" anafunsa kaputeni wa Akamuna Sagona, diso limodzi litatupa.

A Mdzinga anali munthu wosadziwa kunama. Anafotokoza zonse mwadongosolo ngati ali m'kalasi: za dambo, za bango, za kabowo, mpaka za kamtengo ka machesi.  Kenaka a kwa Msampha anayang'ana a kwa Kalindiza, a kwa Kalindiza anayang'ana a kwa Msampha, ndipo kwa nthawi yoyamba chiyambire midzi iwiriyo inagwirizana chinthu chimodzi.

A Kamtedza anataya chingwe cha mbuzi n'kulunjika kumunda wa chinangwa. Anali munthu wonenepa, koma tsiku limenelo anatisiya tonse osewera makumi awiri ndi awiri, kupatula nzimbe imodzi imene inawapeza kunkhongo. Mbuzi inathawira mbali ina, ndipo mpaka lero sinalandiridwe ndi timu iliyonse.

Lolemba Che Wadi anakakoka pikapu ija padambo n'kubwera nayo pansi pa mango. Anatsitsa thanki, naitsuka, namata kabowo. A Kamtedza anakhala pa tayala lakutha, mutu uli wokulungidwa ndi bandeji, a Nachisale ali pambali pawo ndi botolo la madzi. Anthu ambiri tinasonkhana, ena ndi mabandeji athu.

Pomaliza Che Wadi anachotsa kagalasi ka dashibodi, nazula kamtengo ka machesi. Singano inatsika mwakachetechete n'kukagona pa E.

A Kamtedza anapukusa mutu pang'onopang'ono chifukwa cha bala.

"Tsoka silinunkha, abale anga," anatero. "Mano a anthu, magolo, mbuzi. Ndani akanadziwa kuti zinthu zifika pamenepa?"

A Nachisale anatsegula botolo n'kumwa madzi aja okha.

Che Wadi anagogoda dashibodi ndi sipanala, pafupi ndi singano.

"Uyu anadziwa, akulu. Anayamba kukuuzani Lachisanu m'mawa. Inu amutu wabwino munaona mame, munaona batire, munaona mapulagi. Wamisala anaona nkhondo."