Nkhondo ya Batani Lozimitsira Nyimbo

Khalani chete, inu a ku Teshie ndi a ku Nungua, nanunso oliza mahutala a minibasi pumitsani manja, pakuti ndikusimba za masiku aakulu aja pamene magetsi ankabwera monyada ngati mkamwini wolemera n'kuchoka osatsazika, masiku amene m'kachipinda kapamwamba pa sitolo ya matayala munali ngwazi ziwiri zimene zinalumbira kuti zipanga gemu yapakompyuta yogwedeza Accra yense.

Yoyamba inali Selorm Agbeko, Mmisiri wa Maufumu, Wopha Mafumu ndi Chala Chimodzi, mlembi wa nkhani ya gemuyo, amene analenga mitundu ya anthu, milungu yawo ndi misonkho yawo, koma malaya ake omwe osawasita. Yachiwiri inali Nii Lantei Lamptey, Bingu la Kugombe, Mwini Ng'oma Zosaoneka, wopeka nyimbo zonse za m'gemumo. Awiriwa anakulira limodzi, anakwapulidwa ndi mphunzitsi mmodzi, ndipo gemuyi inali itawadyera tulo, zibwenzi ndi mnofu wa m'masaya. Inali ya mtundu uja woti wosewera amasanduka ngwazi, n'kumayenda m'midzi, kucheza ndi anthu, ndi kumenyana ndi zilombo mopatsana mpata: menya iwe, ndimenye ine.

Tsoka linafika masana, pa chakudya. Selorm, chala chili mu tsabola, kenke, nsima yowawasa ya kumeneko, ali m'kamwa, anangolankhula ngati munthu wonena za mvula:

"Ine pajatu ndikamasewera gemu, nyimbo ndimazimitsa. Zimandisokoneza."

Nii Lantei anatula mutu wa nsomba pang'onopang'ono, monga atulira mfumu ndodo yake.

"Gemu iliyonse, aise?"

"Iliyonse."

"Ndi yathu yomwe?"

Apa Selorm analiona dzenje. Akadatha kutsokomola, akadatha kunamizira munga wa nsomba. Koma ngwazi sibwerera m'mbuyo, makamaka ikakhuta.

"Yathuyi," anatero, "ndimaimvera mumtima."

Bingu la Kugombe linaimirira, ndipo mpando wapulasitiki unagwa chagada ngati msilikali woyamba kufa.

"Imvani, inu matayala a pansipa! Imva, iwe fani yolira ngati mfiti! Ine ndinapita kwa asodzi kukajambula nyimbo yokokera ukonde, mpaka anandiyesa kazitape. Ndinaliza botolo, ndinaliza chitseko, ndinaliza mtima wanga, kuti ngwazi ya munthu uyu ikamalowa m'phanga, tsitsi la wosewera liziima. Kani ndinkaimbira gonthi! Ndiye nawenso udziwe lero, Selorm mwana wa Agbeko: nkhani yako sindinaiwerengepo. Ndimangodina batani lodumphira. Mlonda wako wapachipata uja amalankhula ngati m'busa amene waona kuti chopereka chachepa."

Mawuwo analasa Selorm pansi pa nthiti, pakuti mlonda ameneyo anamulemba akukumbuka malemu bambo ake, ndipo sanauzepo munthu. Koma misozi anaimeza pamodzi ndi kenke, nakwera pa bokosi la mawaya.

"Iwe ungadziwe chiyani za kukoma, munthu woviika buledi m'chakumwa chozizira? Iwe amene foni yako imalira nyimbo yapamaliro?"

"Kulibwino ine! Iwe ndinakupeza ukudya kenke ndi supuni. Supuni, amwene! Ndipo nkhondo zako zopatsana mpatazo, chilombo chanji chimaima n'kudikira kuti mdani wake amwe kaye mankhwala? Ndi chilombo chimenecho kapena kalaliki wa kubanki?"

Chomwecho nkhondo inabuka. Chingwe cha magetsi anachiyala pakati pa chipinda kukhala malire, ndipo fani, posafuna kukondera, inkangopukusa mutu uku ndi uku.

Selorm ndiye anaponya mkondo woyamba. Analenga chilombo chatsopano, chamutu waukulu ngati mtsuko, chandevu zambuzi ndi mpata wa m'mano wofanana ndi wa mnzakeyo, nachitcha Woimba wa M'chithaphwi. Chida chake chinali kuimba basi, ndipo chinkafa ukangochiponyera nsapato. Nii Lantei atachiona anabwezera usiku womwewo. M'mawa mwake nyimbo yaulemu yolandirira ngwazi ikapambana inali itachotsedwa, ndipo m'malo mwake munkalira mbuzi yomangidwa. Selorm sanadziwe msanga, poti anali atazimitsa mawu. Anamva kwa wogulitsa matayala, amene anakwera kudzafunsa ngati ayamba kuweta.

Kenako zinthu zinasiya kuseketsa. Nii Lantei anayamba kunyamula limba lake popita kwawo, ndipo masiku ena osabwera n'komwe. Selorm ankakhala yekha, maso ali pa mpando wopanda munthu, akudziwa bwino kuti popanda mnzakeyo gemu yafa, ndiponso kuti mu Accra yense mulibe wina amene angaseke nthabwala zake za misonkho ya milungu. Chala chake chinkayendera kufupi ndi batani la mawu, koma kunyada kunkachigwira pamkono.

Ndiye linakwana tsiku limene anapangana kalekale, nkhondo isanayambe, loti Akweley Tetteh adzayese gemuyo. Ameneyu anali namwino, Mkango Waukazi wa Zala Khumi, amene anagonjetsa amuna onse a m'nyumba zosewerera gemu kuyambira ku Osu mpaka ku Tema, ndipo mawu ake ankatha kukweza gemu kapena kuikwirira. Ngwazi ziwiri zija zinaima kumbuyo kwake, uyu kuno uyu uko, aliyense akuyembekeza kuti mlandu wake uweruzidwa lero.

Akweley anakhala pansi, navula nsapato, natulutsa timahedifoni take, nayatsa nyimbo zakezake za kwaya pafoni. Nkhope ya Nii Lantei inagwa. Selorm anamwetulira, koma kumwetulirako sikunakhalitse, pakuti mlonda wapachipata atangotsegula pakamwa, chala cha Mkango chinagwa pa batani lodumphira: tha, tha, tha, ngati nkhuku yojompha chimanga. Mbiri yonse ya maufumu inadutsa ngati minibasi yodzaza.

Akweley analowa mumsika wa m'gemumo, napeza kasitolo ka zipewa kamene Selorm anakapanga tsiku lina chifukwa chosowa chochita. Mmenemo ndi mmene anakhazikika. Anaveka ngwazi chipewa chamlaza, nachivula, chanthenga, nachivula, chooneka ngati mphika, naseka mpaka kugwira m'mimba. Dziko la m'gemumo linali kuyaka, mwana wamfumu ali m'ndende, iye ali pa zipewa.

"Achemwali," anatero Selorm, "kuphangatu kukudikira."

"Kudikire. Kodi chilombo chamutu waukulu ndachiona panjira chija sichingavale chipewa? N'chokongola bwanji, chikufanana ndi achimwene awa," anatero Akweley akuloza Nii Lantei.

Atatopa anavala nsapato zake, napereka chigamulo ali pakhomo: "Gemu yanu ndi yabwino, anyamata. Koma muwonjezere zipewa."

Ngwazi ziwirizo zinayang'anana kudutsa malire, ndipo chimene ubwenzi unalephera, chidani cha pa mdani mmodzi chinachitha.

"Wamuona, aise?" anatero Nii Lantei. "Sanawerenge ngakhale dzina la mlonda."

"Kwaya!" anatero Selorm. "Kubwera ndi kwaya yake m'nyumba ya Bingu! Anthu alibe ulemu."

Pangano la mtendere linachitika Loweruka, mboni ali wogulitsa matayala, atavala nsalu yake yapaphwando. Chingwe cha malire chinakulungidwa mwaulemu. Nii Lantei anaimirira nawerenga mokweza mawu onse a mlonda wapachipata, ndipo atafika pamene mlondayo akuuza ngwazi kuti, "Pita, mwananga, chitseko ndichisiya chosakhoma," anaima kaye kuwerenga, pakuti bambo a Selorm ankawadziwa, ndipo nayenso anagonapo kuseri kwa chitseko chimenecho.

Kenako anakhazika Selorm pampando, namuveka mahedifoni monga avekera mfumu chisoti. Mmisiri wa Maufumu anadina yekha batani lija. Kunamveka asodzi akukoka ukonde chapatali, botolo likulira ngati mphepo ya m'phanga, ndipo tsitsi lake linaimadi. Anamvera mpaka kumapeto, maso ali psuu.

"Bwanji?" anafunsa Nii Lantei.

"Tsabola wandilowa m'maso," anatero Selorm. "Komanso ng'oma yachuluka."

"Nayenso mlonda wakoyo achepetse ulaliki."

Wogulitsa matayala, amene sanamve kalikonse, analengeza kuti onse apambana, naliza hutala ya galimoto yakufa kulemekeza mtendere. Ndipo tsiku lomwelo, dzuwa lisanapendeke, Wopha Mafumu ndi Bingu la Kugombe anakhala phewa ndi phewa, nkhope zili gwaa ngati akazembe olemba malamulo a dziko, akujambula zipewa.