Dzino Lonunkha Mowa wa ku Jeremani

Inu, tamverani za Albino, munthu amene analawa mowa wa maiko atatu tsiku limodzi n'kubwerera kwawo ndi gweru.

Zinali zaka zija nkhondo itavuta ku Mozambiki, anthu akukhamukira pa Chiponde ndi mitolo pamutu. Anzake anathawa ndi mapoto, ana ndi mbuzi, koma Albino anathawa ndi tayi imodzi ndi pakamwa pake. Pakamwapo ndiye panali katundu! Aliyense pamzere wolandirira ufa ankadziwa kuti mkuluyu anali woyang'anira bala pa hotela yaikulu ku Beira, ndipo panalibe mowa pansi pano umene lilime lake silinaupatse moni. Ochokera naye mudzi umodzi ankanong'ona kuti Beirayo sanapondeko, ntchito yake inali yotsuka mabotolo kuseri kwa kabala kena pa Mandimba pomwepa. Koma onong'ona akanawamva ndani, mwini wake akukuwa?

Kenaka mtima wake unagwera Halima, mwana wa Che Jaffalie, msodzi wa ku Nkhudzi. Mtsikanayu ankabwera pa Chiponde kudzagulitsa usipa wouma. Apa pokha tisamunamizire, ankamukondadi, mpaka kuonda. Che Jaffalie anaika mfundo ziwiri: mnyamata alowe Chisilamu, ndipo apeze ntchito, chifukwa mwana wawo sakadya ufa wa pamzere. Chisilamu analowa, anapatsidwa dzina loti Ibrahimu, nalumbira pamaso pa shehe ndi pa Che Jaffalie kuti mowa sudzadutsanso pakhosi pake. Inatsala ntchito.

Ntchitoyo itapezeka, inabwera ndi msampha wake. Mjeremani, Mholandi ndi nesi wa ku Zimbabwe, onse a bungwe lina lothandiza othawa nkhondo, ankapumula Loweruka lililonse m'kanyumba kena ku Nkhudzi komweko, ndipo ankafuna munthu wowasamalira. Analinso ndi mkangano wosatha: mowa wokoma kuposa wonse ndi wa kwawo kwa yani? Dalaivala wawo atawauza za katswiri wa ku Beira, Mjeremani, amene anali bwana wa onse, anati abwere adzaweruze, akawakhutiritsa ntchito ndi yake.

Munthu wamutu akanati, pepani mabwana, ndinasiya. Albino ayi! Anakhala pansi n'kuyamba kusanthula lumbiro lake ngati loya. Analumbira za pakhosi, za m'kamwa sanatchulepo. Kulawa n'kulavula, tchimo lili pati?

Loweruka masana anafika atamanga tayi, dzuwa likuswa mtengo. Pakhonde anapeza mabotolo atatu atakulungidwa m'nyuzipepala kuti asadziwe mwini wake, pansi pali chidebe cholavuliramo. Atamupatsa chotsegulira, anachikankhira kumbali.

"Ku Beira timatsegula ndi dzino, bwana."

Chitsekerero chinachokadi, koma thovu linamumenya m'mphuno n'kutsikira pa tayi. Anadzipukuta ngati ndi mmene amachitira akatswiri. Anathira pang'ono m'kamwa, kutseka maso, kuchukucha, kulavula.

"Awa ndi madzi otsukira mpunga. Kodi dziko lopanga uwu kuli amuna?"

Mholandi anafiira mpaka makutu.

Botolo lachiwiri analinunkhiza kaye monyansidwa. "Uwu ndi wamwano, ukulowa osaodira. Ndi mowa wa anthu odikira basi."

"Bambo anga amwa umenewo moyo wawo wonse," anatero nesi uja, atapinda manja pachifuwa.

Mwaona nzeru zake? Mabwana awiri anali atawatukwana kale ntchito asanaiyambe. Koma ataona Mjeremani akumwetulira, anazindikira kuti botolo lotsalalo ndi la mwini ntchito. Apa ndiye anafuna kuonetsa ulemu. Anadzaza m'kamwa mpaka masaya kutupa, mawu oyamikira atawakonza kale.

"Odi kuno! Asalamu aleikumu!"

Inu! Che Jaffalie, mumkanjo woyera, chambo chili m'manja. Paukatswiri wake wonse, Albino sanaganize zofunsa kuti mabwanawa nsomba amagula kwa yani.

"Aa, Che Ibrahimu! Muli kuno? Mwaswera bwanji?"

Alavule, thovu ligwera pamapazi pa apongozi. Ameze, lumbiro lisweka pamaso pa mboni yake. Uku ndi uko Halima wapita. Albino anangogwedeza mutu.

Ndipo mukudziwa moni wa akuluakulu a kunyanja, sathamanga nawo. Ku Chiponde kwacha bwanji? Mutu gwede. Mayi aja mwendo unapola? Gwede. Ufa akugawabe? Gwede. Mowa unayamba kufunda m'kamwa, mpweya wake ukukwera m'mphuno, misozi ili chuchuchu.

Che Jaffalie anayang'ana mabotolo ovala nyuzipepala aja. Anayang'ana chidebe cha thovu. Anayang'ananso masayawo, nthawi yaitali ndithu.

"Masaya kutupa chonchi, Che Ibrahimu, ndi dzino kodi?"

Albino anagwedeza mutu mwamphamvu, chimwemwe chili tho, akuti Mulungu wamutsegulira khomo.

"Mwachita mwayi. Asodzi onse a padoko pano mano awo ndimazula ndine." Mkuluyo anaika nsomba pansi, napisa m'thumba, natulutsa pulayazi yokonzera injini ya boti. "Tayasamulani."

Panalibenso kothawira. Gudyu! Kumeza kwake kunamveka mpaka kwa galu amene anagona pansi pa tebulo. Che Jaffalie anasendeza mphuno pakamwa pa mkamwini wawo wa mawa, nanunkhiza mosafulumira.

"Ili ndiye lavunda zedi. Likununkha ngati mowa. Koma mowa sungakhale, paja munalumbira ine ndilipo." Anatukula pulayazi ija. "Kapena ndi mowa, ndikamuuze Halima asiye kusoketsa zovala za ukwati?"

"Ndi dzino, bambo! Dzino lenileni!"

"Liti?"

Albino anayendetsa chala m'kamwa, mano onse ali bwinobwino ngati chimanga cha pamzere. Analoza lomwe lija anatsegulira botolo.

Nesi analowererapo. "Bambo, dikirani, chipatala chilipo. Tingamutengere pagalimoto."

"Ayi, mayi," analira Albino, akudziwa kuti kuchipatala akanena kuti dzino lilibe vuto. "Azule bambo angawa. Ndimawakhulupirira."

Zimene zinachitika pakhondepo sindinena zonse, ena mukudya. Dzino labwino silichoka mwaulemu. Mkuluyo anaponda mpando, kukoka, kupumula, kupukuta thukuta, kukokanso, Albino akuitana amake m'Chipwitikizi, Mholandi ataphimba maso. Potsiriza linatuluka, loyera mbee, mizu yake yonse ili pomwepo.

"Mwaona?" anatero Che Jaffalie akulionetsa kudzuwa. "Kunjaku loyera, matenda ali m'kati." Anang'amba nyuzipepala ya pabotolo lachitatu lija, nakulungamo dzinolo, naliika m'thumba pamodzi ndi pulayazi.

Mjeremani, munthu wosasiya nkhani pakati, anasendera pafupi. "Nanga mowa wanga? Wakoma bwanji?"

Albino anamuyang'ana, thonje lili m'kamwa, tayi ili magazi okhaokha.

"Ukukoma pulayazi, bwana."

Basi, maiko onse atatu anatukwanidwa mofanana, ndipo ntchito inathera pomwepo.

Koma Halima anamukwatira, musadabwe. Che Jaffalie anati munthu wolola kuzulidwa dzino labwino chifukwa cha mwana wawo si wotaya, ngakhale ali chitsiru. Ntchito anamupatsa okha, yokoka khoka. Katswiri wa ku Beira anayamba kutuwa miyendo ndi mchenga, tayi ija n'kusanduka chomangira mathalauza.

Za mowa sanamufunsepo, ngakhale kamodzi. Kungoti akamapita limodzi kukagulitsa nsomba, podutsa pafupi ndi bala pomwe nyimbo zikulira ndi mabotolo akugundana, Albino mapazi ankayamba kulemera. Pamenepo mkuluyo ankangosisita thumba lake.

"Che Ibrahimu, mano ali bwanji lero?"

"Ali bwino, bambo," ankayankha Albino, akuthamangitsa mapazi, dzanja lili pakamwa. "Onse ali bwino kwambiri."