Dzanja Langa ndi Tebulo la Ahedi

Mpaka lero ndikalowa mu ofesi iliyonse, manja anga ndimawakhalira. Anthu amayesa ndikumva kuzizira. Ayi abale, ndimaopa dzanja lamanjali. Linandichititsa manyazi ku Woodlands, ndipo silinalape.

Zinayamba nthawi ija masukulu a pulayiveti ankamera paliponse mu Lusaka, nyumba ikangokhala ndi mpanda mawa lake pali chikwangwani. Mwana wanga Tiyamike anali atafika poyamba sukulu. Tsiku lina mlamu wanga Esnati, amene ankaphika pa sukulu ina yabwino ku Woodlands, anatulukira kwathu ku Kabwata ali wefuwefu.

"Mulamu, kwasala malo yamozi chabe! Koma ahedi afuna kuona mwana na amai bake. Bazakufunsani mu chizungu."

Ine chimwemwe! Ndinavina ndi tepi yoyezera zovala ili m'khosi. Kenako ndinakumbukira chizungu changa. Sukulu ndinalekeza giredi seveni, ndipo chizungu changa n'cha pamsika pomwe ndimasokera: chimayenda ndithu, koma chopanda nsapato.

Ndiye ndinapita kwa ba Chanda, oyandikana nawo nyumba. Iwowa anali kalaliki pa kampani ina ya boma, itagulitsidwa anawachotsa ntchito. Kuyambira pamenepo ankangokhala pakhonde atamanga tayi, kukangana ndi wailesi. Anandimvetsera ndikulankhula, maso atatsinzina ngati akumva dzino kuwawa. Iwowa amanditcha bana Tiya, kutanthauza amake a Tiyamike.

"Bana Tiya, chizungu chanu sichoipa. Vuto chili na katundu maningi. Liu limozi yakwana, imwe muika yabili. Mukamba ati return back. Return ni kubwela kale, manje back ni ya chani? Mufuna kubwela kabili?"

Ananditchulira zina zambiri zoletsedwa, repeat again, me myself, ndi zinzake. Ba Chanda sankakalipa (munthu wa Mulungu uja). Ndikangowonjezera liwu, ankagogoda tebulo ndi chala: go, go. Ine n'kubwerera, kuchotsa katundu. Nditayamba kuzolowera anati, "Manje muzigogoda imwe," n'kutsegula wailesi. Abale, zinandikomera! Munthu wa mayeso akuluakulu akulankhula mu wailesi, ine telala wa ku Kabwata go, go! Ndinkagogoda pa makina osokera, pa mpando wa minibasi, ngakhale pa mbale amuna anga akudya.

"Iwe, nyumba ino yasanduka khoti?" anandifunsa atate a Tiya. Ndinangoseka. Tiya ankaona zonsezi.

Tsiku lija linafika. Tiya anavala diresi yomwe ndinamusokera ndekha, ine chitenge chatsopano, ulendo wa ku Woodlands. Ahedi anali mayi wachikulire wa magalasi, atakhala kuseri kwa tebulo lalikulu lonyezimira. Ndinakhala mwaulemu, manja pamiyendo, pansi pa tebulolo. (Gwirani pamenepa: pansi pa tebulo.)

Poyamba zonse zinayenda bwino. Ndinayankha mwachidule, mopanda katundu, mumtima ndikuti ba Chanda akanandiona! Kenako ahedi anafunsa Tiya dzina lake, mwana n'kuyankha motsitsa mawu.

"Repeat again, my girl."

Go, go.

Sindinalitume, ndikulumbira. Dzanja linangokwera lokha n'kumenya thabwa la kunsi.

"Come in!" anatero ahedi, akuyang'ana chitseko.

Palibe analowa. Anadikira pang'ono, n'kupitiriza kufotokoza malamulo a sukulu. Ndinati basi, zatha, sanadziwe. Koma posakhalitsa, pofotokoza za tchuthi, mawu aja anatuluka: return back.

Go, go.

"Come in, I said!"

Ulendo uno ananyamuka n'kutsegula chitseko mwamphamvu. Tsoka ilo, panja panali mlamu wanga Esnati, atanyamula thireyi ya tiyi.

"Ba Esnati, ndimwe musewela na chitseko changa? Nili na alendo!"

"Ine Madam? Manja yonse yali pa thileyi!"

Mlamu anaika tiyi patebulo, n'kundiyang'ana ngati akufunsa kuti kuno kwagwanji. Apa m'pamene ndinayenera kuulula. Koma ndinaona malo a mwana wanga akuuluka pawindo. Ndinagwira dzanja lamanja ndi lamanzere, kulifinya ngati nkhuku yofuna kuthawa, n'kumapemphera kuti mayiwa amalize msanga.

Ahedi anakhala pansi, anakonza magalasi, n'kuyamba ndi mawu aulemerero:

"As for me myself personally..."

Atatu! Mawu atatu pamalo a limodzi! Ngakhale wailesi sinafikepo pamenepo. Dzanja linapulumuka. GO, GO! Kapu ya tiyi inalira pa sosala, tiyi n'kutayikira patebulo.

Ahedi anayang'ana chitseko, anayang'ana kapu. Ndipo Tiya wanga, uja anakanika kutchula dzina lake momveka, analankhula mokweza bwinobwino:

"Si chitseko, Madam. Ni amama. Bamagogoda munthu akaphonya chizungu."

Ahedi anavula magalasi pang'onopang'ono, chizungu n'kuchiika pambali.

"Amake Tiyamike, mwabwela kufuna malo ya mwana, olo kunilembesa mayeso?"

Ndinatsika pampando n'kugwada, chitenge chatsopano pa simenti, ndikuomba m'manja.

"Pepani Madam, pepani, pepani maningi, nikhululukileni, ni dzanja chabe, pepani, sorry, pepa..."

Go, go.

Ndinadzutsa mutu. Chala cha ahedi chinali patebulo.

"Pepani imozi yakwana," anatero.

Kenako anaseka, kuseka kogwedeza mapewa, mpaka kupukuta misozi ndi kansalu. Anandiuza ndidzuke, nandifunsa amene anandiphunzitsa zimenezi. Ndinafotokoza za ba Chanda ndi tayi yawo.

"Muuzeni uyo mudala abwele aphunzise bana ba giredi wani sabata imozi chabe," anatero. "Mwana ukamuuza kamozi samvela. Azayamba kubweleza mau kupambana ine." Anatembenukira kwa Tiya. "Uyu sayopa kukamba zoona. Abwele pa Mande. Koma imwe amai, muzisilila pa geti, osalowa mukati."

Panja ndinamunyamula Tiya n'kuzungulira naye, osadziwa kuti ndimupsompsone kapena ndimutsine. Mlamu Esnati sanandilankhule mpaka nditamusokera diresi ya ku tchalitchi.

Nditafika kwathu ndinawasimbira ba Chanda zonse, ndikuyembekeza kuti achita manyazi nane limodzi. Anamvetsera, n'kuwongola tayi.

"Me myself personally? Munayenela kugogoda mwamphamvu kupambana apo, bana Tiya."

Tiya akuphunzira bwino, ndipo alonda a pageti amanditcha Amai Come In. Ndinaphunzira kuti chizungu cha munthu amene wagwira malo a mwana wako n'cholondola nthawi zonse. Mutu wanga unamva. Dzanja ndiye ayi. Lamulungu lapitali abambo mfumu analalikira m'chizungu, ndipo pakati pa ulaliki benchi lathu linalira go, go. Amuna anga anasuntha n'kukakhala mzere wina.