Ndinalondera Manja, Anandibera ndi Phazi

Malemu amuna anga anandichenjeza kalekale, tonse tidakali ndi mano. Anati, "Amake Jesi, inu mumalondera mudzi wonse. Nanga inuyo amakulonderani ndani?" Ndinawayankha kuti munthu wamaso ngati ine safuna mlonda. Anangoseka n'kupitiriza kusoka fodya wawo. Zimene ndikufuna kukuuzanizi zinachitika iwo atagona kale kumanda, ndipo pa chimenecho chokha ndimathokoza, chifukwa akanaseka mpaka kugwa pampando.

Ndiyambe ndanena kuti ine sindikhulupirira munthu. Si matenda ayi, ndi nzeru. Mlendo akapempha madzi ndimam'patsa, koma kapu ndimaiperekeza ndi maso mpaka ibwerere. Ndinabadwira ku Kasungu, ndinakwatiwa kuno kwa Mwase Lundazi, ndipo mbali zonse ziwiri za malire akuba ndawaona.

Munali m'zaka za m'ma 90, mvula itabwerera pambuyo pa chilala chija tinadya chimanga chachikasu. Kwaya yathu ya amayi kutchalitchi ankaitsogolera aNyazimba, mayi wofatsa amene amuna awo anamwalira m'chilala momwemo. Iwowa anapeka nyimbo yothokoza mvula. Ndime ziwiri zoyamba zinali za chimwemwe, zovinira. Koma ndime yachitatu inkanena za njinga ya amuna awo, yotsamira pankhokwe, mvula ikuinyowetsa, mwini wake osabwera kudzailowetsa m'nyumba. Tikafika pamenepo ngakhale ine mawu ankandithawa (ndinkawauza anzanga kuti ndi chimfine).

ANyazimba ankafuna chinthu chimodzi: nyimboyo imveke koyamba pa msonkhano wa makwaya kuboma tikatha kukolola, abale a malemuyo ali pompo, ikutuluka pakamwa pawo. N'chifukwa chake tinkaphunzira titatseka zitseko ndi mawindo. Kuti tisaiwale mayendedwe a mawu, tinabwereka wailesi ya aphunzitsi n'kuijambula pa kaseti. Imodzi yokha.

Atafunsa kuti asunge ndani, amayi onse anatembenukira kwa ine. Ndinamva kukoma, sindibisa.

"Amama," anatero aNyazimba akuiika m'manja mwanga, "musunge. Musabwereke munthu, musajambulitse ina."

"Mukuuza ine?" ndinatero. "Ngakhale khoswe sadzainunkhiza."

Vuto linayambira pa khoswe yemweyo. Nditafika kunyumba ndinayamba kuganiza. Kaseti ndi imodzi. Makoswe alipo, adzukulu alipo, moto ulipo, ndipo mawailesi amasiku amenewo ankatafuna kaseti ngati mbuzi yapeza nsalu. Ikawonongeka adzaloza ndani? Ine. Ndiye ndinaona kuti nzeru ndi kukhala ndi yachiwiri, yobisika, yodziwa ine ndekha. ANyazimba anali atakaniza, inde, koma ndinati ankatanthauza anthu osasamala, osati ine. Kuwafunsa sindinawafunse, chifukwa iwo akanauza alamu awo, ndipo alamu awowo pakamwa pawo palibe chitseko.

M'mawa wina ndinamanga kaseti m'chitenje cha m'chiuno, ndinakwera minibasi ya kuboma, dzanja lili pamfundo ulendo wonse. Pamsika panali bambo wina wa tebulo la makaseti, wonenepa, wa chipewa chofiira. Anandilonjera m'Chitumbuka.

"Monire, amama. Muli uli?"

Ine ndinayankha m'Chichewa cha kwathu. Bamboyo anadzuka.

"Aa! Chichewa chimenecho n'cha ku Kasungu. Mfunda wanu ndani, mayi?"

"Phiri."

"Phiri! Inetu ndine Phiri wa ku Kasungu konko. Ndinu azakhali anga, khalani pansi!"

Musaganize kuti ndinakomedwa. A Phiri ndi ambiri, ndipo ena mwa iwo ali kundende. Koma mpando ndinakhala, ndipo mtima unafewa pang'ono, ngati mbatata ya m'mphepete mwa moto.

Nditamuuza kuti ndikufuna kujambulitsa kaseti yachiwiri, anati wailesi yake yolowa makaseti awiri, yojambula mwakachetechete, inali itafa. Ndiye anatenga mawailesi awiri n'kuwayang'anitsana kukamwa, ina iziimba, ina izimvera.

"Koma azakhali, mukhale chete," anatero. "Iyi imameza chilichonse. Mukatsokomola, chifuwa chanu chilowa mu nyimbo."

"Chete ndikhala. Iwe manja patebulo, onse awiri, mpaka nyimbo ithe."

Anaseka n'kuyala manja ake patebulo ngati mwana wasukulu woonetsa zikhadabo. Tebulolo linali lofundidwa nsalu yofika pansi. Ndinaona kuti wavula patapata, phazi lake likulowa kunsi kwa nsalu n'kumagwedezeka. Ndinati m'mtima, matekenya awa, munthu wosauka. (Ndinamumvera chisoni, abale. Ine amene.)

Za kukhala chete zija sindinakwanitse bwino. Munthu wamutu wako sungaone mlendo atayandikira chinthu cha eni n'kungotseka pakamwa. Ndinalankhula mawu angapo, ochepa kwambiri m'kuona kwanga. Nyimbo itatha ndinatenga makaseti anga onse awiri, ndinayang'ana m'mawailesi onse awiri kuti mulibe chotsala, ndinabwerera kumudzi ndikudzitamandira. Yachiwiriyo ndinaikwirira m'thumba la mtedza. Kuimvera sindinaimvere, kuopa odutsa kuseri kwa nyumba.

Mtedza usanaume bwino, ndili pamzere kuchigayo, ndinamva mtsikana wina wa mudzi wakutali akuimba chapansipansi. Ndinatchera khutu. Inali nyimbo ya aNyazimba.

"Iwe, waimva kuti imeneyo?"

"Mu minibasi, agogo. Ili ponseponse."

Phiri uja ndinamuganizira, koma ndinamuchotsa msanga: manja ake ndinawaona ndi maso angawa. Ndiye wakuba anali m'kwaya. Ndinayamba kufufuza. Ndinafunsa amayi oimba mawu apansi mmodzimmodzi. Ndinapita kwa aphunzitsi eni wailesi kukawafunsa ngati wailesi yawo imasunga mawu m'mimba. Alamu a aNyazimba ndinasiya kuwapatsa moni. Ngakhale amayi abusa ndinawayang'ana m'njira yoti anadziwa kuti ndawayang'ana.

Masiku omwewo makondakitala anali atayamba kamchitidwe kachilendo. Wina akafuna kutsika mozemba, kondakitala ankakuwa ndi mawu a nkhalamba, "Manja patebulo! Ndikukuona!" basi yonse n'kufa ndi phwete. Ndinamva kamodzi pamsewu, ndinati ana amasiku ano alibe mwambo. Sindinaganize kanthu.

ANyazimba sanakalipe. Anangochepa mawu, ndipo pophunzira nyimbo ankayang'ana pawindo. Ndinawagwira dzanja n'kuwalonjeza pamaso pa kwaya yonse kuti wakubayo ndidzamugwira ndekha, ndipo dzina lake lidzamveka mpaka ku Kapichila.

Tsiku la msonkhano linafika. Tinavala zoyera zathu, abale a malemu anakhala kutsogolo. Kwaya ya ku Chikomeni inaitanidwa ife tisanaimbe. Atangoyamba, tonse tinayang'anana. Inali yathu, mayendedwe ake onse, ngakhale pomwe timaombera m'manja. Anthu anaimirira kuvina. Atafika pa ndime yachitatu ndinatchera khutu. Njinga munalibe. Anaikamo zawozawo, za nkhokwe zodzaza ndi ana onenepa. ANyazimba ankangoyang'ana manja awo pamiyendo.

Pa nthawi yopuma ndinalunjika pansi pa mtengo wa mango pomwe a ku Chikomeni ankadyera. Kwaya yathu inanditsatira, ndi anthu ena ambiri okonda zaulere. Mtsogoleri wawo anali aNyatembo, mayi wamtali wa magalasi.

"Amama," ndinatero mokweza kuti onse amve, "mutiuze lero. Ndani wa kwaya yathu anakugulitsani nyimbo? Mutchuleni dzina. Ine ndine wosunga kaseti, ndipo kwa ine sinatuluke."

ANyatembo anandiyang'ana nthawi yaitali, mutu ataupendeketsa.

"Tayankhulaninso," anatero.

"Ndati mutchule wakuba!"

Amayi a kumbuyo kwawo anayamba kugwirana mapewa. Wina anatsamwa ndi mbatata. ANyatembo anatuma kuti akatenge wailesi kwa dalaivala amene anawabweretsa.

"Ife tinagula kaseti pamsika, kwa bambo wa chipewa chofiira," anatero. "Imvani nokha."

Anadina. Nyimbo inayamba, mawu athu enieni, koma akumveka patali ngati tikuimbira m'chitsime. Kenaka, pafupi kwambiri, momveka bwino kuposa kwaya yonse, panatuluka mawu a nkhalamba ina yaukali:

"Iwe Phiri, manja patebulo. Ndikukuona."

Anthu anaphulika. Ine ndinayang'ana uku ndi uku kufuna nkhalambayo. (Munthu sadziwa mawu ake, abale. Ndinkaganiza kuti anga ndi okoma.) Ndime yachiwiri inadutsa bwino. Itangoyamba yachitatu, nkhalamba ija inabweranso, ndipo ulendo uno sinapume:

"Nyimbo iyi ndi ya aNyazimba a kwa Mwase, wamva? Sanalole munthu aliyense kuimva. Ine ndekha ndi amene anandikhulupirira. Ndipo phazi lakolo uzilipaka palafini, matekenya amapha."

Pomwe ndinkamaliza za palafini, ndime ya njinga inali itatha. Pa ndimeyo sipanamveke ngakhale liwu limodzi.

Apo m'pamene ndinaona zonse: nsalu yofika pansi, patapata wovulidwa, phazi logwedezeka. Kunsi kwa tebulo kunali wailesi yachitatu, ndipo mwana wa achimwene anga wa ku Kasungu uja anaidina ndi chala cha kuphazi, ine ndili kalikiliki kulondera manja.

"Ndime yachitatu sitinaimve chifukwa cha agogowa," anatero aNyatembo, "ndiye tinapeka yathu. Dzina la eni tinalimva, inde. Koma tinati poti yafika pamsika, ndiye kuti anaitaya, aliyense atole."

ANyazimba anabwera kutsogolo pang'onopang'ono. Kuseka kunatha.

"Mbuzi yanga ikafika pamsika itakokedwa ndi munthu wina," anafunsa, "yasanduka ya aliyense? Dzina munalimva. Kwa Mwase si kutali. Mukanatuma munthu."

ANyatembo anavula magalasi. Kenaka aNyazimba anatembenukira kwa ine. Ndikanakonda akanakuwa.

"Amama, ndinakupatsani kaseti kuti musunge. Nyimbo sindinakupatseni."

"Ndimaopa makoswe," ndinatero, ndi mawu amene sanafike patali.

"Mukanandifunsa. Mwina ndikanalola, mwina ndikanakana. Koma kulola kapena kukanako kunali kwanga."

Ndinagwada pafumbi pomwepo, zoyera zangazo, pamaso pa amayi onse amene ndinawafufuza. Alamu aja anandiyang'ana kuchokera pamwamba, ndipo ndikukhulupirira kuti limenelo linali tsiku lokoma kwambiri pa moyo wawo. ANyatembo nawo anagwada, anaomba m'manja n'kupempha chilolezo ngati mmene anayenera kupemphera poyamba.

ANyazimba anati a ku Chikomeni akhoza kuiimba kulikonse, koma pa zinthu ziwiri: azitchula amene anaipeka, ndipo njinga ibwerere pamalo pake. Anawaphunzitsa ndimeyo pansi pa mango pomwepo. Masana makwaya awiri tinaimirira pamodzi. Woitana anatchula dzina la aNyazimba, ndipo titafika pa njinga yotsamira pankhokwe, iwo anaimba okha. Achemwali a malemu analira mokweza. Ndime imeneyo inamveka koyamba tsiku limenelo, pakamwa pa mwini wake, monga ankafunira. Inapulumuka chifukwa cha kulongolola kwanga, koma nditayesa kunena zimenezi pobwerera, palibe anandiyankha.

Zina zonse sizinabwerere. Phiri ndinakamufuna, ndinapeza tebulo lake pali mayi wogulitsa tomato. Makaseti anapitirira kuyenda, kubalana okhaokha, mpaka anthu ochokera ku Chipata ankandifunsa za matekenya. Kaseti yeniyeni aNyazimba anaipereka kwa alamu awo kuti asunge, ndipo kwa iwo sinatuluke. Mpaka lero ana obadwa dzulodzuloli, amene kaseti sanaionepo, amanditcha Agogo Ndikukuona.

Mwezi wathawu mdzukulu wanga anali pakhonde, chala chili pafoni. Ndinamufunsa chimene ankachita. Anati mnzake wamutumizira buku lonse limene aphunzitsi ena analemba, ndiye akufuna kuligawira gulu lawo.

"Eni ake alola?"

"Agogo, lili kale ponseponse."

Ndinamulanda foniyo n'kuikhalira. Ndinamuuza kuti kukhala nacho chinthu m'manja si kukhala mwini wake, afunse kaye amene analemba. Anati ine sindidziwa za mafoni. N'zoona, sindidziwa. Koma ponseponse ndinafikako iye asanabadwe.

Tsopano maso achepa mphamvu, ndipo pakhomo pamakhala zii ana akapita kumunda. Mukamadutsa kwa Mwase mupatukeko mudzandione ngati ndadzuka. Mufunse nyumba ya Agogo Ndikukuona, aliyense akulozerani. Muodire muli patali, mutchule dzina lanu ndi la bambo anu. Madzi ndikupatsani, mpando ndikupatsani. Koma nsapato musavule, ndipo mapazi onse awiri akhale poti ndiziwaona.