Ng'oma ya a Lufeyo pa Nkhokwe

Ana inu, chiyambi cha mwambi uwu ndinachimva kwa malemu a Gilibati, mkulu wa mpingo wathu, Mulungu awapumitse. Ndikupatsani monga anandipatsira, osathirako mchere wanga.

Ankati kunali mlimi wina, a Lufeyo, amene anagula buku lakalekale pamsika. Bukulo linkasimba za zilombo za kunyenyezi zimene zinatsika m'mabwato achitsulo, zikugunda ngati ng'oma chikwi, n'kuyamba kulanda dziko. Tsoka ilo, masamba akumapeto wina anali atapichirira fodya.

Kuyambira pamenepo a Lufeyo sanakhazikikenso. Akagwira khasu, maso kumwamba. Akakhala pamphasa, nyamu.

"Mayi a Esinta, wolembayu anaziona ndithu," anauza akazi awo, a Nankhoma. "Akulongosola mpaka fungo la utsi wake! Koma kodi anthu anapulumuka? Masamba palibe!"

"Kafunseni amene anasutayo," anatero a Nankhoma. "Ine changa n'chimodzi. Chiswe chalowa m'miyendo ya nkhokwe. Kaduleni mitengo ina, chakudya cha chaka chonse chili mmenemo."

"Dziko likutha, inu mukunena za chiswe?"

Anakabwereka ng'oma ya kwaya. Poti pamudzipo panalibe chinthu chachitali kuposa nkhokwe yawoyo, anaivula denga n'kukwera kukakhala pachimanga penipeni.

"Zikangogunda kumwambako, ine ndigunda kuno," analengeza. "Aliyense athawire kuphiri!"

Anakhala pamenepo masiku ndithu, khosi lili neng'a. Kabawi akadutsa, dzanja linkapita pang'oma.

"Bambo a Esinta, nkhokwe ikulira iyo," anatero a Nankhoma.

"Chete, mayi, mundigonthetsa makutu!"

Masana ena mitambo inachita bii, bingu n'kugunda kumpoto.

"Zafika! Zafika!"

A Lufeyo anaimirira, akudumpha uku akuliza ng'oma. Mudzi wonse unathamangira kuphiri, ana kumsana, mitondo itasiyidwa. Koma miyendo ya nkhokwe mkati munali dothi lokhalokha. Nkhokwe inagwada pang'onopang'ono ngati munthu wolapa, kenaka phwata! Chimanga mbwee pabwalo, mvula n'kuyamba. Mbuzi ndi nkhumba za mudzi wonse zinafika mwaulemu, popeza wozithamangitsa panalibe.

Pamenepa a Gilibati ankapukuta misozi ya chiseko, n'kunena kuti, "Ambuye atikhululukire, njala ya mnzako si yoseka."

A Nankhoma okha ndiwo sanathawe, koma paokha sakanatha kuthamangitsa ziweto zonsezo. Anali kutola zitsononkho zimene nkhumba zinasiya, lichero lili pamutu. Amuna awo anasuzumira ali pansi pa nsungwi za nkhokweyo, buku lonyowa lili m'manja.

"Mayi a Esinta, zatheka bwanji? Ine makutu anali tcheru, koma sindinamve kanthu!"

"Mukanamva chiyani, bambo? Za m'buku lanuzo ndizo zimabwera ndi phokoso. Kuno kwathu chakudza sichiimba ng'oma."