Ukwati wa Florinda Ukudikira Ndalama Yanu

Kwa Bwana Mkulu wa MwalaKoini,
Kulikonse kumene mumakhala.

Bwana,

Ndine Bartolomeyo wa kuno ku Cobue, malume ake a Florinda komanso nkhoswe ya ukwati wake. Pepani polemba poyera, adiresi yanu palibe akuidziwa.

Choyamba, zikomo potiphunzitsa. Milton, mnyamata amene akufuna mwana wathuyu, anatikhazika pansi n'kutiuza kuti ndalama yanu yosagwirika ndi manja ija ili ndi lamulo: zaka zinayi zilizonse, ndalama zatsopano zimene makina amatulutsa zimadulidwa pakati. Akuti zikamasowa, mtengo umakwera. Tsiku lodulalo litayandikira, anagulitsa injini ya boti lake lonyamula anthu kupita ku Likoma n'kugula ndalama yanuyo. Anati ikakwera agula mainjini awiri, ndipo paukwati padzagwa ng'ombe, osati mbuzi.

Chachiwiri, zikomo posunga nthawi. Mvula imachedwa, sitima imachedwa, koma inu munadula pa tsiku lake lenileni. Mtengo wokha ndi umene sunamve uthengawo, unatsika. Milton akuti ndi mmene umachitira, umayamba wanjuta kenako n'kulumpha. Uli chinjutire mpaka lero. Pakadali pano mnyamatayu akupalasa ndi nkhafi, ndipo mapewa ake akula mokongola. Apanso zikomo. Okwera ake onse anathawira ku boti la injini la Alawi.

Ansembe analengeza ukwati m'tchalitchi, tsiku litayandikira Milton n'kupempha kuti tidikire kaye. Tinaika lina, chimodzimodzi. Nsalu zimene amayi a kwaya anagula kuti adzavale paukwatiwo ayamba kupita nazo kumaliro.

Chachitatu ndi chimene chandigwiritsa cholembera. Florinda anamvetsa phunziro lija kuposa tonsefe. Kale ankapita kugombe tsiku ndi tsiku kukamuchingamira Milton. Maulendowo anawadula pakati. Patapita mwezi anadulanso. Tsopano amaoneka Lamulungu lokha, moni wake ndi wapatali, kumwetulira ndiye kunasoweratu. Bwana, kwa iyeyu lamulo lanu lagwira ntchito! Zakariya, mphunzitsi wa ku Lunho, watumiza kale abale ake kudzandifunsa za Florinda, msewu woipa wochokera kwawoko osaudandaula n'komwe.

Ine Milton ndimamukonda, kusoka ukonde ndinamuphunzitsa ndine. Ndayesa kumulankhula, koma amangoti "Eya, malume" maso ali pafoni, kudikira mzere wofiira wa mtengo wotsika usanduke wobiriwira.

Ndiye pempho langa ndi laling'ono. Popeza mawu amene amamulowa m'makutu ndi anu okha, mutumizireni uthenga pafoniyo. Za mtengo musavutike nazo, mwina nanunso simukudziwa. Ingomuuzani m'chilankhulo chanu chomwecho kuti Florinda anatulutsidwa mmodzi yekha, makina otulutsa wina kulibe, ndipo Loweruka likubwerali ayankha anthu a ku Lunho ndi pakamwa pake.

Ine wanu wodzichepetsa kwambiri,
Bartolomeyo
Cobue, Lago